Nkhani isanakwere pa siteji: mmene timailembera ndi kuivomerezera m'gulu la zisudzo

Gulu lathu limakumana Loweruka lililonse masana m'kalasi yobwereka ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu. Mawindo ake alibe magalasi, moti Juni akafika timayeserera titavala majuzi awiriawiri, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Sewero lathu ndi limodzi lomwelo, lopitirira sabata ndi sabata ngati aja a pa wailesi. Limachitikira pa puloti ya nyumba za lendi, ndipo aliyense ali ndi mtengambali wake amene wakhala naye kwa zaka: landilodi, mkazi wa landilodi, wakabaza, mayi wogulitsa usipa wa ku Nkhata Bay, mnyamata wa ku Mzuni (Yunivesite ya Mzuzu) wokhala chipinda chakumapeto, ndi m'busa wa mpingo wopempherera m'kalasi. Mawu oti munthu aloweze sitilemba. Timagwirizana kumene nkhani ikulowera, kenako aliyense amayankhula monga mtengambali wake angayankhulire.

Loweruka lina mtsikana amene ankasewera mkazi wa landilodi anapita kumaliro ku Ekwendeni. Anyamata, poona kuti nkhani ikuzizira, anapangana pompo kuti mayiyo wadwala usiku ndipo afika naye kuchipatala atatsirizika kale. Kunena zoona, sewero la tsikulo linakoma. Wakabaza analira mpaka ana a m'makomo oyandikana nawo anadzaza m'mawindo. Sabata yotsatira mwini wake anafika ndi chitenje ndi duku zomwe ankavala posewera, n'kupeza kuti anamuika kale m'manda. Anangofunsa kuti, "Ndiye mwandipha ine kulibe, achimwene?" Anapinda chitenje chija n'kutuluka. Tinatha miyezi itatu tikumupepesa.

Ine ndine mlembi wa gululi, ndipo ndondomeko ili m'munsiyi inabadwa pa maliro abodza amenewo. Ingathandize gulu lililonse limene anthu amapanga nkhani limodzi, aliyense atagwira munthu wake: la achinyamata a ku tchalitchi, la kusukulu, kaya lojambula tizidutswa ta kanema pa foni.

Yambani ndi kope

Gulani kope la hadikava, lija amalembamo zokambirana za komiti ya mpingo. Foni siingalowe m'malo mwake. Foni imabedwa ku depoti, bandulo imatha, ndipo uthenga wa pa WhatsApp umamira pansi pa zithunzi za maluwa zofunirana tsiku labwino. Musanalembemo kanthu, ikani manambala pa masamba onse ndi bolopeni, kuyambira 1 mpaka kumapeto. Tsamba likadzang'ambidwa, aliyense adzaona. Ena amati uku n'kukayikirana, koma mlandu suola, ndipo tsiku lidzafika loti wina adzakane zomwe anavomera.

Kope likhale ndi mlembi, ndipo mlembi asakhale dayilekita. Dayilekita amakonda nkhani zake, ndiye ntchito yake. Mukamupatsanso bolopeni, mbiri ya sewero imayamba kupendekera kumene iye akufuna popanda iye mwini kudziwa.

Masamba asanu oyambirira asiyeni kuti mulembepo maziko a sewero. Lembani kumene nkhani ikuchitikira komanso nthawi yake. Ife tinalemba kuti ndi Mzuzu wa lero lino, pa puloti yopeka, m'dera lopeka lomwe lili pakati pa Chibavi ndi Chiputula, kuti landilodi weniweni aliyense asadzaloze chala n'kunena kuti tikunena iye. Lembaninso zomwe zingatheke ndi zomwe sizingatheke m'dziko la sewerolo. Kodi akufa amabweranso? Kodi maloto amalosera? Kodi munthu angalemere usiku umodzi? Mukapanda kugwirizana zimenezi poyamba, wina adzabwera ndi ndege ya ufiti pakati pa nkhani ya ngongole ya banki m'khonde, ndipo simudzakhala ndi pomukanira.

Pa masamba omwewo lembani za chiyankhulo, chifukwa kuno si nkhani yaing'ono. Mzuzu ndi mzinda wa Chitumbuka, Chichewa, Chitonga, Chinkhonde, Chilambya ndi Chiswahili cha anzathu a ku msika wa Taifa. Akuluakulu akukumbukirabe kuti mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, n'kudzabwereranso mu 1994. Ife timasewera m'Chichewa chifukwa ndi chimene tonse timakumaniramo, koma tinalemba lamulo lakuti mtengambali aliyense ali ndi ufulu wotembenukira ku chiyankhulo chake akakwiya, akamapemphera kapena akamanyengerera mwana. Tinalembanso kuti kayankhulidwe ka mtundu wa munthu sikadzakhala nthabwala payokha. Oonerera aseke zomwe wakabaza wachita, asaseke kuti ndi Mtumbuka kapena Mlomwe.

Tsamba la mtengambali aliyense

Mukatha maziko, mpatseni mtengambali aliyense masamba awiri oyang'anizana. Kumanzere mwini wake alembe yekha ndi dzanja lake: zaka za munthuyo, kwawo, ntchito yake, abale ake, amene ali naye ngongole, chinthu chimene amachifunitsitsa ndi chimene amachiopa. Chinsinsi chake chilembedwenso, koma ngati mwini wake sakufuna kuti gulu lidziwe msanga, achilembe pa kapepala, achiike mu envulopu n'kumata, mlembi asunge. Mayi wathu wa usipa anasunga chinsinsi chake mu envulopu chaka chathunthu, ndipo tsiku limene chinaululika pa siteji kudabwa kwa anzake kunali kwenikweni.

Pansi pa tsambalo pakhale mzere umene ife timautcha zosakhudza. Apa munthu amalemba zinthu zimene sakufuna kuti zichitikire mtengambali wake kapena iye mwini posewera. Wina analemba kuti sakufuna kugwiridwa m'chiuno. Wina kuti sadzasewera nkhani ya kupita padera. Wina, yemwe ndi mkulu wa mpingo, anati mtengambali wake asadzagwire botolo la mowa ngakhale lopanda kanthu, chifukwa chithunzi chikayenda pa Facebook palibe amene adzafunse ngati linali sewero. Musamufunse munthu chifukwa chake. Amene wataya mwana sayenera kufotokozera gulu lonse kuti amvedwe.

Tsamba lakumanja likhale lopanda kanthu. Ndi pamene mlembi azilembapo zomwe zamuchitikira munthuyo, deti ndi deti.

Kupereka nkhani yatsopano

Amene ali ndi ganizo la nkhani alilembe pa pepala limodzi, osapitirira. Amene akufuna masamba anayi ndiye kuti nkhani yake sanaimvetse. Mabuku a Chichewa a kusekondale amatchula za tsatanetsatane wa nkhani ndi pampondachimera, ndipo amene anakhoza phunzirolo amakonda mawu amenewa, koma pepala lathu limangofuna mayankho a mafunso ochepa: chikuyambitsa nkhaniyi n'chiyani, ikukhudza atengambali ati, idzatenga masabata angati, idzafika pati povuta kwambiri, ndipo ikadzatha n'chiyani chidzakhale chitasinthiratu pa puloti. Funso lomalizali ndi limene anthu amalithawa, chonsecho ndiye mwini nkhani.

Nali pepala lina lomwe ndinalimata pa tsamba 41, lolembedwa ndi amene amasewera wakabaza, monga analilembera:

"Njinga yamoto ya bwana wanga yabedwa usiku pa siteji ya Katoto. Ine ndikuopa kunena, ndiye ndikubwereka ndalama ya katapira kwa landilodi kuti ndiziperekabe ya tsiku ngati njinga ilipo. Okhudzidwa: ine, landilodi, mayi wa usipa (ndiye azindikire koyamba chifukwa sindikumunyamulanso dengu lake). Masabata anayi. Povuta: landilodi alanda matilesi ndi mbaula pamaso pa anthu onse. Pomaliza: njinga siipezeka, ine ndibwerera ku kabaza wa njinga yakapalasa, ndipo ine ndi landilodi sitidzalonjeranso."

Taonani kuti sanalembe mawu amene aliyense adzanene. Sanalamule kuti mayi wa usipa akazindikira adzachite chiyani. Wasiya mpata woti anzake adzamudabwitse. Pepala labwino limaika zikhomo m'makona, makoma amamanga ndi onse. Pepala loipa ndi lija limanena kuti "kenako landilodi adzachita manyazi n'kupepesa", ngati kuti landilodi alibe mwini.

Pepala lifike kwa mlembi pofika Lachitatu. Mlembi alembepo deti limene walilandira n'kulipatsa nambala.

Kugogoda kwa eni ake

Apa ndiye pagona ndondomeko yonse, ndipo mukaiwala zina zonse musaiwale izi. Pepala lisanapite ku komiti yovomereza nkhani, wolemba ayende nalo yekha kwa aliyense amene mtengambali wake watchulidwa. Awerenge, afunse, ndipo akavomera asayinire kumbuyo kwake. Akakana, wolemba ali ndi njira ziwiri zokha: kusintha nkhani, kapena kupeza mtengambali wina amene mwini wake akufuna. Komiti ilibe mphamvu yokakamiza munthu. Ngakhale gulu lonse litakweza manja, dzanja limodzi la mwini wake limaposa onsewo.

Pali zinthu zimene timafuna siginecha yapadera, yolembedwa ndi mawu athunthu, osati kungokhwatcha: imfa, ukwati kapena kutha kwa banja, mimba, kulumala, kumangidwa, matenda okhalitsa, ndi kuululidwa kwa chinsinsi cha mu envulopu. Munthu alembe yekha kuti, "Ndavomera kuti mtengambali wanga amangidwe." Izi ndi zinthu zimene sizibwezeka Loweruka lotsatira.

Amene palibe sanavomere. Kukhala chete si kuvomera, ndipo mawu oti "ndinamuimbira, anati palibe vuto" sitiwalandira pokhapokha mwini wake atatumiza uthenga kwa mlembi, mlembi n'kuukopera m'kope. Ndikudziwa kuti izi zimachedwetsa zinthu. Nthawi zina munthu ali ku Kyela, ku Tanzania, kooda katundu, netiweki kulibe, nkhani yabwino n'kudikira sabata ziwiri. Idikire.

Chenjerani ndi kuvomera kwa ulemu. Mtsikana wa Fomu 3 sangayang'ane bambo wa zaka 45 m'maso n'kumuuza kuti ayi. Amangoti, "Chabwino, adada," mtima uli kwina. N'chifukwa chake mlembi amakumananso ndi achichepere payekha, wolemba nkhani palibe, n'kufunsa kuti, "Asisi, zija mwasayinira zija mwazifunadi?" Kawiri konse yankho lakhala lakuti ayi, ndipo ine ndinabweza pepala popanda kutchula amene wakana.

Komiti ya anthu atatu

Tinayesapo kuvomereza nkhani tonse pamodzi, anthu 17 m'kalasi imodzi. Dzuwa linalowa tisanayeserere ngakhale chigawo chimodzi. Tinayesanso kusiyira dayilekita yekha, ndipo nkhani za anzake apamtima zinkadutsa ngati minibasi ya bwana pa rodibuloko. Atatu ndiye anakwanira: dayilekita, mlembi, ndi membala mmodzi wosankhidwa ndi gulu, amene amasinthidwa miyezi itatu iliyonse. Pa atatuwo pasalephere kukhala mkazi. Ngati nkhani ndi ya mmodzi wa iwo, ameneyo atuluke panja ndipo wina alowe m'malo mwake. Munthu sadzimeta yekha kunkhongo.

Komiti ikumane Lachisanu n'kuyankha Loweruka kuyeserera kusanayambe. Mayankho alipo atatu: yavomerezedwa, ikonzedwe, yakanidwa. Lililonse lilembedwe m'kope ndi chifukwa chake, ngakhale mzere umodzi. Mawu oti "sinatisangalatse" si chifukwa. Komiti sinaikidwe kuti iziyeza kukoma kwa nkhani, pakuti kukoma kumaoneka pa siteji, ndipo nkhani zina zimene ine ndinkaziona zozizira pa pepala ndi zimene oonerera amazikumbukira mpaka lero. Mayankho ambiri azikhala "ikonzedwe". Komiti imene imakana kawirikawiri imapha gulu mwakachetechete, chifukwa anthu amangosiya kubweretsa mapepala.

Chimene komiti imayang'ana choyamba ndi kugwirizana kwa nkhani ndi zomwe zili kale m'kope. Ngati tsamba 23 likunena kuti landilodi sadziwa kuwerenga, sangapezeke akuwerengera anthu kalata ya khoti. Ana amene amaonerera m'mawindo aja saiwala kanthu, ndipo amakuwa pompo.

Chachiwiri ndi anthu enieni. Mzuzu anakhala mzinda mu 1985, koma m'makhalidwe akadali mudzi waukulu: ukatchula bambo wa golosale wa mkono umodzi, theka la Chiputula likudziwa amene ukunena. Nkhani yotengedwa pa zimene zachitikira munthu wodziwika m'dera timaibweza kuti isinthidwe mpaka mwini wake atakhala kutsogolo asadzizindikire. Pa nkhani za ufiti timaumitsa kwambiri. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, tonse tamva za agogo amene amenyedwa kapena kuphedwa kumene chifukwa cha mphekesera. Sewero limene gogo wa m'nkhani akufanana ndi gogo wa kuseri kwa sukulu likhoza kuyatsa moto umene ife sitingauzimitse. Chimodzimodzi nkhani zokhudza anzathu achialubino.

Palinso mabala a mzinda uno amene sanapole. Mnyamata wina anabweretsa nkhani yoseketsa ya katundu wobedwa m'masitolo pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011. Inali yolembedwa mwaluso, koma amene anaphedwa masiku amenewo ali ku manda a Zolozolo ndipo abale awo timagula nawo tomato msika umodzi. Tinamuyankha kuti nkhaniyo ikhoza kuseweredwa, koma osati ngati nthabwala. Mvula ya mu Epulo 2016, imene inagwetsa nyumba zambiri m'madera a mzinda uno, tinaisewera, koma amene anatsogolera nkhaniyo ndi membala yemwe khoma la kwawo linagwa chaka chimenecho.

Vimbuza nazo zimafuna ulemu. Bungwe la UNESCO linaika gule ameneyu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2008, koma kwa anthu ambiri kuno si gule wa chionetsero, ndi machiritso. Ngati nkhani ikufuna vimbuza, timafunsa kaye amene akuzidziwa, ndipo sitilola kuti munthu azingodzigwetsa pansi n'kumanjenjemera kuti anthu aseke.

Chachitatu ndi zoona zake za zinthu. Oonerera amakhulupirira zomwe namwino wa m'sewero wanena kuposa zolembedwa pa chipupa cha chipatala. Tsiku lina pepala linanena kuti mtsikana wogwiriridwa apite kukalandira mankhwala oteteza ku HIV, aja a PEP, "sabata yamawa ndalama ya transipoti ikapezeka". Mankhwalawa amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Tikanasewera momwemo tikanaphunzitsa anthu zolakwika pa nkhani ya moyo. Safunsa anadya phula. Nkhani ikakhudza mankhwala, malamulo kapena ndalama za boma, komiti ipeze munthu wa ntchito imeneyo n'kumufunsa, ndipo mlembi alembe kuti tafunsa namwino kapena wapolisi, tsiku lakuti.

Chomaliza ndi ana. Kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Membala wotere sasewera nkhani ya chibwenzi ndi munthu wamkulu, ngakhale iye mwini atafuna, ndipo pa nkhani zolemera timafuna kuti kholo lidziwe.

Si zonse zofuna komiti

Musapitirire muyeso. Wakabaza akafuna kukangana ndi mayi wa usipa za chenje, akangane. Landilodi akafuna kukweza lendi, akweze, ndi khalidwe lake. Muyeso wathu ndi uwu: ngati chinthucho chingaiwalike pofika Loweruka linalo popanda wina kuluzapo kanthu, sichifuna pepala. Gulu lina limene linatengera ndondomeko yathu linafika pofuna siginecha kuti mtengambali agule sopo, ndipo sewero lawo linauma ngati msonkhano wa bajeti.

Zochitika mwadzidzidzi pa siteji nazo zili ndi njira yake. Munthu mutu ukatentha amatha kunena chinthu chachikulu chomwe sichinavomerezedwe, monga m'busa kuulula kuti mwana wa landilodi ndi wake. Sewero musaliimitse. Likatha, khalani pansi mufunse eni ake okhudzidwa. Akachikonda, chimalowa m'kope n'kusayinidwa pompo. Akachikana, mlembi amalemba kuti m'busa ananama kapena anali ataledzera, ndipo nkhani imapitirira. Bodza la mtengambali ndi chigamba chabwino kwambiri chimene tili nacho.

Lembani tsiku lomwelo

Kuyeserera kukatha, anthu asanabalalike kuthamangira kabaza mdima usanagwe, mlembi awerenge mokweza zomwe walemba: deti, nambala ya nkhani, amene analipo, ndi zomwe zachitika m'mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Alembe zomwe zachitikadi, osati zomwe pepala linkayembekezera. Wina akatsutsa, mukonze pomwepo onse akumva. Kenako mlembi akopere mzere umodzi umodzi pa tsamba lakumanja la mtengambali aliyense wokhudzidwa. Zimatenga mphindi khumi. Mukadikira mpaka Lolemba, mudzapeza kuti anthu asanu akukumbukira masewero asanu osiyana.

Kamodzi pa mwezi jambulani masamba atsopano ndi foni n'kutumizira anthu awiri osiyana. Chinyezi cha kuno si chocheza. Kope lathu loyamba linachita nkhungu m'kabati nthawi ya mvula, masamba ena n'kumatirirana, inki n'kuyenderera. Tsopano limakhala m'jumbo, mkati mwa chikwama, pamwamba pa kabati.

Nkhani zogona ndi anthu osowa

Nkhani yovomerezedwa ikatha masabata anayi osaseweredwa, mlembi afunse mwini wake ngati akuifunabe. Akapanda kuyankha masabata ena awiri, ilembedwe kuti yagona, ndipo atengambali amene inawamanga amasulidwe. Popanda lamulo ili, munthu mmodzi amatha kugwira anzake atatu miyezi ingapo, iwo osatha kulowa nkhani ina chifukwa akudikira ukwati umene sukubwera.

Anthu kuno amayenda. Ophunzira a ku Mzuni akatsekera amapita kwawo, ena amapeza ntchito ku Lilongwe, ena amatsikira ku Joni. Amene akuchoka alembe m'kope chimene akufuna: mtengambali wake apite ulendo, abwerekedwe kwa wakutiwakuti, kapena afe. Akachoka osatsanzika, mtengambali wake timamutumiza kumudzi kukadwazika mayi ake, ndipo amakhala komweko mpaka mwini wake atabwera kapena chaka chitatha. Pa puloti yathu pali anthu anayi amene akudwazika amayi awo mpaka pano, wina ku Chitipa, wina ku Mzimba.

Nkhani ikamatuluka panja

Zonsezi ndi za m'kati mwa gulu. Mukafuna kukaonetsa sewero pagulu, makamaka polipiritsa pakhomo, kumbukirani kuti lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 limapatsa Censorship Board mphamvu pa masewero ndi zisangalalo zoonetsedwa kwa anthu, choncho funsani za chilolezo nthawi ikadalipo. Apa kope limakupulumutsani, chifukwa gulu losewera popanda mawu olembedwa limasowa choonetsa likafunsidwa kuti sewero lake likunena chiyani. Kusewera kotereku si kwachilendo m'dziko muno. A gulu la zisudzo la Travelling Theatre a ku Chancellor College anachita zotere mu 1981 ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba lomweli, kupanga masewero pamodzi ndi anthu m'chiyankhulo chawo. Kusiyana kwake n'kwakuti lero aliyense woonerera ali ndi kamera m'thumba.

Pa chifukwa chimenecho, kuvomera kusewera nkhani si kuvomera kujambulidwa. Kanema asanapite pa TikTok kapena pa Facebook, aliyense wooneka m'menemo avomerenso, ndipo zilembedwe.

Mabungwe akabwera ndi ndalama kuti muwapangire sewero la kolera kapena la chisankho, pepala lawo lidutse njira yomweyi. Bungwe lina linafuna kuti mayi wathu wa usipa akhale chitsanzo cha munthu wauve amene wadwalitsa mudzi. Mwini wake anakana, poti anthu a kumsika amamuitana ndi dzina la m'sewero ndipo iye amagulitsadi zakudya. Tinapanga mtengambali watsopano wa tsiku limodzi, ndalama tinalandira, ndipo mayi wa usipa anakhala amene akulangiza anzake kusamba m'manja.

Lembaninso m'kope amene anayambitsa nkhani iliyonse ndi amene anaikuza. Tsiku limene wailesi kapena wojambula mafilimu adzaifune, funso la mwini wake lidzabuka, ndipo ubale umatha pa ndalama zochepa kwambiri. Lamulo la zokopera la 2016 limateteza ntchito za luso, ndipo bungwe la COSOMA loona za umwini wa ntchito za luso, lomwe linayamba ntchito mu 1992, ndi kumene mungakafunse za kulembetsa. Gwirizanani kagawidwe ndalama zisanaoneke.

Mkazi wa landilodi uja anabwerera m'gulu patatha miyezi itatu, ndipo pepala loyamba kulowa m'kope, nambala 1, linali lake. Ife tinkaganiza zonena kuti imfa ija anali maloto a wakabaza atamwa kachasu. Iye anakana, nati anthu analira kale ndipo misozi yawo isapite pachabe. Analemba kuti abwera ngati mkulu wake wa malemuyo, wochokera ku Karonga, kudzatenga katundu wa m'bale wake: makina osokera, mapoto, ndi theka la nyumba za lendi. Komiti inayankha kuti ikonzedwe, chifukwa lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, ndipo panafunika wina m'nkhanimo woti anene zimenezo. Ntchitoyo tinampatsa mnyamata wa ku Mzuni. Landilodi anasayinira kumbuyo kwa pepalalo dzanja likunjenjemera ndi kuseka, ndipo Loweruka lotsatira mayi uja analowa m'kalasi atavala duku lomwe lija, atanyamula sutikesi yopanda kanthu, n'kufunsa m'Chinkhonde kuti makiyi a kuchipinda ali ndi ndani.